Kompyuta yauma kapena ikukana kuyaka? Musathamangire kufomata

Sabata yathayi kunabwera aphunzitsi ena pa shopu yanga pano pa Chitakale ku Mulanje, CPU, bokosi la kompyuta lija, ataimanga ndi malegeni pa kabaza, thukuta lili kamukamu, akuti achimwene makinawa andifera ndipo mayeso onse a teremu ino ndinataipira momwemu. Mnyamata wina anali atawauza kale pa foni kuti imeneyo ndi Windows yafa, ingofunika kufomata basi, kutanthauza kufufuta zonse nkuikanso Windows mwatsopano. Ine nditatsegula chivindikiro ndinapeza kuti ndi RAM chabe, kathabwa kakang'ono ka mkatimo, inachita litsiro m'mano mwake, kuichotsa, kuipukuta, kuibwezera, mphindi 10 sizinakwane makina anali atayaka, mayeso awo ali phee momwe anawasiyira. Nde ndinati bola ndilembe zimenezi, chifukwa anthu ambiri kuno kwathu akutaya mafayilo ndi ndalama pa matenda oti akanathana nawo okha pakhomo. Ine ntchito yanga ndi yotaipa, kupulinta ndi kubena nyimbo, za makinazi ndinaphunzira chifukwa anga omwe amandivuta, ndipo sungamakwere minibasi wa ku Limbe tsiku lililonse kompyuta ikangotsokomola.

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi. Munthu akati kompyuta yanga siikuyankha, amatha kutanthauza zinthu zosiyana kwambiri. Wina yake yauma ili mkati mogwira ntchito, chithunzi chilipo koma palibe chikuyenda. Wina akadina batani kuli zii ngati kumanda. Wina timagetsi tikuyaka, fani ikulira, koma sikirini ili bii. Ndiye palinso ija yoyaka bwinobwino koma ikangogwira ntchito pang'ono yauma, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi osiyana, nde musanagwire sikuludiraiva dziwani kaye kuti yanu ili mbali iti. Mudzifunsenso kuti chomwe chinachitika komaliza nchiyani, magetsi anathima mwadzidzidzi? munaisuntha pokolopa? mwana anasomekapo fulashi ya mnzake? kunagunda mabingu usiku? Yankho lake kawirikawiri ndi limene limakulozerani pomwe pali chilonda.

Tiyambe ndi yomwe yauma ili chiyakire. Apa tonse timalakwitsa mofanana, timayamba kudina mausi kambirimbiri mokwiya, osadziwa kuti kudina kulikonse ndi katundu wina amene tikusenzetsa makina oti alemedwa kale. Chotsani dzanja, dikirani mphindi ziwiri zitatu, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Yang'anani kagetsi kakang'ono kutsogolo kwa CPU kamene kamaphethira hard disk, chosungira mafayilo, ikamagwira ntchito, ngati kakuphethira ndiye kuti makina ali moyo angopanikizika, mwina Windows ikudzipangira update mwakachetechete. Kenako dinani Caps Lock kapena Num Lock muone ngati kagetsi ka pa kiyibodi kakuyaka nkuzima. Kakamasintha ndiye kuti kompyuta ikumva, vuto ndi pulogalamu imodzi kapena mausi yeniyeniyo. Musaseke, ndaonapo munthu atanyamula CPU kuchokera ku Limbuli pomwe chinafa ndi mausi, waya atadukira mkati pafupi ndi pomwe chingwe chimalowera. Zulani mausi musomeke pa bowo lina la USB, makamaka a kumbuyo chifukwa a kutsogolo sachedwa kukhwepa, ngati ndi yopanda chingwe sinthani batire. Makina akale aja a mabowo ozungulira, la pepo la kiyibodi ndi lobiriwira la mausi, amafuna muzimitse kaye musanasomeke, mukasomeka ali oyaka saizindikira.

Kiyibodi ikakhala kuti ikumva dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patuluka Task Manager. Fufuzani pulogalamu yomwe yalembedwa Not responding kapena yomwe ikudya kwambiri pa CPU, Memory kapena Disk, dinani pa iyo kenako End task. Dziwani kuti zomwe simunasevu mmenemo zitha kupita, ngakhale Word nthawi zambiri imabwezako zina mukaitsegulanso. Ngati chauma ndi kamzere ka pansi kaja ndi ma icon, pa Windows 10 ndi 11 pa mndandanda womwewo pezani Windows Explorer mudine Restart. Task Manager ikakana kutuluka yesani Ctrl, Alt ndi Delete, pansi kudzanja lamanja pali kachizindikiro kozimitsira, sankhani Restart. Pa Windows 10 ndi 11 pali kanjira kena komwe ambiri sakadziwa, batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, sikirini imaphethira nkulira kamodzi kuti bip, kameneko kamadzutsa driver, kapulogalamu koyendetsa chithunzi, yokha osazimitsa makina, kandipulumutsapo kangapo ndili pakati pa kalata ya kasitomala.

Zonsezi zikakanika mpomwe mumagwira batani loyatsira osalisiya, muwerenge mpaka 10, izima yokha. Dikirani pang'ono muyatsenso. Koma chisakhale chizolowezi, hard disk ikadulidwa ili mkati molemba mafayilo amawonongeka ndipo tsiku lina Windows idzangokana kudzuka. Ndipo ikakulemberani kuti ikupanga update musazimitse, olo ioneke ngati yaima pa nambala imodzi kwa nthawi yaitali, isiyeni, pitani mukamwe tiyi. Kenanso kakang'ono, pa Windows 10 ndi 11 Shut down siitsuka zonse, imasungako zina kuti mawa iyake msanga, amati Fast Startup, nde makina akamachita zachilendo sankhani Restart chifukwa ndi imene imayambira pachiyambi penipeni.

Tsopano ya zii ija. Yambirani ku khoma, osati mkati mwa makina. Somekani chaja ya foni pa soketi yomweyo muone ngati ikutchaja. Ma ekisitenshoni otchipa ogula pamsika aja kagetsi kake kofiira kamayaka bwinobwino pomwe mabowo ena anafa kalekale, nde somekani CPU molunjika ku khoma. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi mkati ndipo imapsa, njira yachidule yodziwira ndi kusinthanitsa zingwe, monita zambiri chingwe chake cha magetsi ndi chofanana ndi cha CPU, ngati monita ikuyaka tengani chimenecho muyesere. Fyuzi ikapezeka kuti yapsa gulani ina chonde, osakulunga waya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya ngati mmene timachitira ndi wailesi, fyuziyo inafa ndi cholinga choti makina anu asafe. Kumbuyo kwa CPU pomwe chingwe chimalowera makina ena ali ndi switchi yolembedwa I ndi O, ikhale pa I, imadinika yokha munthu akamakankhira CPU ku khoma.

Chapomwepo pa makina ena akale pali kaswitchi kofiira kolembedwa 115 mbali ina 230 mbali inayo. Magetsi athu ku Malawi kuno ndi 230V, kameneko kazikhala pa 230 nthawi zonse. Makina ochokera ku America amatha kubwera kali pa 115, mukangosomeka mumva phuu ndi kautsi, power supply, kabokosi kolandira magetsi mkati mwa CPU, yapita pomwepo. Ana amakakonda kameneka chifukwa ndi kofiira, ine makina a pa shopu ndinamata tepi.

Ngati zonsezo zili bwino, zulani chingwe cha magetsi, zulaninso zonse za USB, pulinta, fulashi, modemu, kenako gwirani batani loyatsira kwa masekondi 30 makina asanasomekedwe. Zimaoneka ngati zamasewera koma zimatulutsa magetsi otsalira mkati ndipo makina ambiri omwe anauma magetsi atathima mwadzidzidzi amadzuka ndi zimenezi zokha. Somekaninso chingwe cha magetsi chokha ndi monita, yatsani. Onaninso mphamvu ya magetsi enieniwo, tsiku lomwe mababu akuwala ngati koloboyi kompyuta imatha kukana kuyaka kapena kumangozimazima, chimodzimodzi pa kajenereta kakang'ono kapena invetala ya sola yomwe batire yake yafooka. Amene muli ndi UPS, kabokosi ka batire kosunga makina ali oyaka magetsi akathima, yesani kuidumpha, UPS yoti batire inatha imasanduka yokha vuto. Magetsi akathima nkubweranso ine sindiyatsa nthawi yomweyo, ndimadikira mphindi zingapo akhazikike kaye.

Ikakanabe, ikani mphuno kumbuyo pa fani ya power supply mununkhize. Mukamva fungo la kupsa kwa waya musayesenso kuyatsa. Ma Dell OptiPlex ambiri, omwe adzaza m'maofesi ndi m'masukulu kunowa, ali ndi kabatani kakang'ono ndi kagetsi kumbuyo pa power supply, mukakadina kagetsi nkuyaka fani nkuzungulira ndiye kuti power supply ili ndi moyo. Amisiri amayesanso polumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi yaikulu ya mapini 24, koma ma Dell ndi HP ambiri atsopano ali ndi mapulagi awoawo osiyana ndi amenewo, nde ngati simukudziwa bwino zisiyeni, safunsa anadya phula. Ndipo kabokosi ka power supply kokhako musakatsegule olo mutazula ku khoma, mkati mumatsala magetsi oti akhoza kukuvulazani zenizeni. Ikafa imasinthidwa yonse, tengani yakaleyo pokagula kuti akupatseni yofanana kukula ndi mapulagi ake.

Za mphenzi sindichita kukuuzani inu a kunsi kwa phiri la Mulanje. Kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo kukangoda ku Sapitwa nkuyamba kugunda, zimitsani makina muzule pulagi ku khoma, kuzimitsa switchi yokha sikukwanira, chingwe cha netiweki nachonso chizuleni.

Tibwere kwa matenda a aphunzitsi aja, fani ikulira koma chithunzi palibe. Onani monita kaye. Ikalemba No signal ndiye kuti monita ili bwino ikungosowa chithunzi kuchokera ku CPU. Chingwe cha buluu chija cha VGA chili ndi timapini 15 ndipo timapindika mosavuta, chizuleni muyang'ane, mubwezere mumange tomangira take ta m'mbali mbali zonse ziwiri. Monita yokhala ndi mabowo angapo ili ndi batani la Source kapena Input, mwina ikudikira ku HDMI pomwe inu mwasomeka ku VGA. Makina ena ali ndi malo awiri otulutsira chithunzi, ena kumtunda pafupi ndi ma USB ena m'munsi pa graphics card, ngati khadiyo ilipo chingwe chizilowa m'munsimo. Muli ndi TV ya HDMI kapena neba ali ndi monita, yeserani pamenepo musanatsegule chilichonse.

Tcherani khutu poyatsa. Makina akamalira bip bip bip osatulutsa chithunzi akukuuzani chomwe chikuwapweteka, werengani kuti akulira kangati, atali angati afupi angati. Ma Dell ambiri m'malo molira batani lake limaphethira kuwala kwa olenji, werenganinso. Tanthauzo limasiyana malinga ndi kampani komanso mtundu wa makina, nde lembani pa Google pa foni dzina la makina anu ndi nambala yomwe mwawerengayo, koma kwa zomwe ndakumana nazo ine nthawi zambiri amakhala akudandaula RAM.

Potsegula, zulani magetsi, gwiraninso batani lija masekondi angapo, ikani CPU chogona pa tebulo osati pa bedi kapena pa bulangete. Gwirani chitsulo cha bokosilo ndi dzanja musanakhudze za mkati, thupi lathu limasunga timagetsi tina tomwe sitikumva koma timapha zipangizozi. Jambulani mkatimo ndi foni musanazule kanthu, mudzandithokoza pobwezera. RAM ndi kathabwa katalikatali ngati karula kakang'ono, kambiri kamakhala kobiriwira, kaimirira mu mpata wake pafupi ndi fani yaikulu. Kumapeto kwake kuli tomangira ta pulasitiki, tikankhireni kunja kadzuka kokha. Kagwireni m'mphepete, osagwira mano ake agolide aja ndi zala. Tengani labala ya pensulo yoyera bwino, pukutani manowo pang'onopang'ono mbali zonse mpaka awale, sasani zinyenyeswa za labala zonse ndi kaburashi kouma, musasenso mu mpata momwe kamalowa. Pobwezera onetsetsani kampata kali pakati pa mano kakugwirizana ndi kachotupa ka mu mpatamo, kamalowera mbali imodzi yokha, kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka tomangira titseke tokha kuti tha. Ambiri amaopa kukanikiza nde kamangokhala pamwamba, makina nkumalirabe. Ngati muli tiwiri yesani kamodzikamodzi, ndipo musinthe mipata, mukatero mudziwa ngati chafa ndi RAM kapena mpata. Mukafuna kugula ina werengani pa sitika, DDR3 ndi DDR4 sizilowerana, kampata kaja kali malo osiyana, musakakamize.

Chifukwa chomwe RAM imavutira kwambiri kuno ndi nyengo yathu yomwe. Chiperoni chikagwira mu Juni ndi Julayi masiku atatu anayi dzuwa osaoneka, zovala pa chingwe osauma, makoma kuchita thukuta, nsapato pansi pa bedi kumera nkhungu, nde mukuganiza kuti mkati mwa CPU yomwe ili pansi pa simenti yotsamira khoma mukuchitika zotani? Fumbi lomwe linalowa nthawi yotentha likakumana ndi chinyontho limamata pa mano a RAM ngati phala. Nchifukwa chake makina a m'masukulu ndi m'matchalitchi amakonda kukana potsegulira teremu, akhala mwezi wathunthu osayatsidwa mu chipinda chotseka. Ikani CPU pa tebulo kapena pa thabwa, isiyane ndi khoma pang'ono, ndipo nyengo yozizira muziiyatsako kangapo pa sabata kutentha kwake komwe kumaumitsa mkati. Ikanyowa zenizeni, kaya denga ladontha kaya madzi alowa m'nyumba, musaiyatse kuti muone ngati ikugwirabe. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 ndinalandira makina angapo onyowa, omwe eni ake sanawayatse tinawatsegula nkuwaumitsa masiku angapo ndipo ena akugwira mpaka lero, omwe anayesedwa ali onyowa anathera pomwepo.

Mukadali mkatimo yang'anani kabatire kozungulira konyezimira ngati ndalama yachitsulo pa motherboard, bodi yaikulu pomwe zonse zimasomekedwa, ndi CR2032 ka 3V, kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu a zamagetsi. Kakatha makina amaiwala tsiku ndi nthawi, amakufunsani F1 poyaka, intaneti nkumakana kutsegula chifukwa deti ili ya zaka zakale, ena amafika pokaniratu kutulutsa chithunzi. Kachotseni kwa mphindi 5 magetsi ali ozula, mubwezere kapena muike katsopano mbali ya + ili pamwamba, zimenezi zimabwezera BIOS, kapulogalamu ka pa bodi koyatsa makina Windows isanayambe, mmene inachokera ku fakitale. Ikayaka lowani mu BIOS mukonze deti, pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10.

Fumbi lichotseni lonse, makamaka pansi pa fani ya purosesa pomwe limaunjikana mpaka kuoneka ngati bulangete. Bulowa ndi yabwino, chitirani panja, ndipo gwirani fani ndi chala isazungulire mopenga. Mulibe bulowa, burashi yopentera yatsopano youma imagwira. Osapemerera ndi pakamwa chifukwa malovu amapita nawo, nsalu yonyowa ayi. Mkati mwa CPU ndimofunda nde alendo amamukonda, ndapezamo mphemvu, nyerere, nalimata wouma pa bodi, kamodzi khoswe anali atatafuna chingwe cha hard disk. Onaninso timigolo ting'onoting'ono taima pa motherboard, ma capacitor, pamwamba pake pazikhala pafulati, tikatupa kapena kutuluka zofiirira ngati dzimbiri ndiye kuti bodi ikupita, zimenezo nza mmisiri wodziwa kuwotcherera.

Ija yomangouma tsiku ndi tsiku ndi imene imatopetsa chifukwa oganiziridwa ndi ambiri. Ngati imayamba bwino nkudzauma kapena kuzima yokha pakapita kanthawi, fani ikulira ngati chigayo, makamaka mu Okutobala masana, ganizirani kutentha. Fumbi tanena kale. Onani ngati fani ya purosesa ikuzungulira chivindikiro chili chotsegula. Pakati pa purosesa ndi chitsulo chake choziziritsa pamakhala thermal paste, kaphala kothandiza kutulutsa kutentha, ikauma imachita ngati dothi, imafunika kupukuta bwino nkuika yatsopano kadontho kamodzi ngati njere ya nandolo pakati. Wina akakuuzani kuti mankhwala otsukira mano amagwiranso musamumvere, amauma masiku ochepa.

Koma woganiziridwa wamkulu kwa ine ndi hard disk. Makina ambiri omwe tili nawo anagwira kale ntchito zaka kunja asanafike kuno, hard disk yake ndi ija ya mbale zozungulira mkati, ndiye kuthimathima kwa magetsi ndi mabampu a pa kabaza zimaimaliza. Zizindikiro zake, makina amatenga nthawi yaitali kuyaka, kutsegula foda kumaumitsa zonse, pa Task Manager Disk ili pa 100% pomwe simukuchita kalikonse, kapena mukumva te te te mkati ngati wotchi. Mukamva kaphokoso kameneko siyani zonse, tengani fulashi mukopere zofunika kwambiri lero lomwe, kuyambira ndi zomwe simungazipezenso, zikalata, zithunzi za ukwati, mabuku a ndalama, mafilimu adikire. Kukonza kubwere pambuyo. Kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo kamaonetsa umoyo wa disk, kakalemba Good muli bwino, Caution ya chikasu ndiye yambani kusaka ina, Bad yofiira ndiye musadikirenso. Makina enieniwo alinso ndi choyezera chawo, pa Dell dinani F12 poyaka musankhe Diagnostics, pa HP dinani Esc kenako F2. Ikapezeka kuti yatha, ine ndimalangiza SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano, osati hard disk ina yakale, mulibe chozungulira nde siopa mabampu, ndipo makina okalamba amasanduka mnyamata, ndalama yomwe ndinaona phindu lake msanga pa shopu pano ndi imeneyo.

Nthawi zina palibe chafa, makina angochepa mphamvu. Windows 10 pa RAM ya 2GB kenako mutsegule Chrome ndi masamba khumi, iuma basi, 4GB ndiye poyambira, 8GB mpomwe mumapuma. Pa Task Manager pali gawo la Startup, zimitsani mapulogalamu omwe amadziyatsa okha makina akamayaka pomwe simuwafuna. Drive C ikafiira chifukwa mwadzazamo mafilimu ndi nyimbo samutsani zina, Windows imafuna malo opumira. Mukamakaikira kuti RAM ili ndi chilema, dinani batani la Windows ndi R mulembe mdsched, makina ayambiranso nkuiyeza okha.

Za mavayirasi ndivomere, ife obena nyimbo ndi amene timafalitsa, fulashi ndi memori khadi za mudzi wonse zimadutsa pa makina amodzi. Ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut inavutitsa anthu kwambiri. Koma mankhwala ake si kuika ma antivirus awiri atatu, amenewo amalimbana okhaokha makina nkuuma kuposa kale, siyani imodzi. Pa Windows 10 ndi 11 yomwe inabwera nayo, Windows Security, imakwana bola izilandira update, pangani Full scan usiku. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020 ndipo Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025, makinawo amagwirabe koma mpanda wake sukukonzedwanso ngati kale, nde muzisamala zomwe mukusomeka ndi kutsitsa.

Njira yabwino yosiyanitsira ngati vuto ndi la mapulogalamu kapena la zitsulo ndi Safe Mode. Pa Windows 7 dinani F8 mobwereza makina akamayaka. Pa 10 ndi 11 gwirani Shift uku mukudina Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, nkudina 4. Ngati siikufika nkomwe polowera, izimitseni ndi batani pomwe chizindikiro cha Windows changotuluka, kawiri katatu motsatizana, idzakutsegulirani yokha Automatic Repair ndipo njira ija muipeza pamenepo. Mu Safe Mode makina amayaka ndi zofunikira zokhazokha, nde akamayenda bwino mmenemo dziwani kuti wolakwa ndi pulogalamu kapena driver yomwe mwaika posachedwa, ichotseni, kapena gwiritsani System Restore kubwerera tsiku lomwe zinali bwino, imeneyi siikhudza zikalata zanu. Muthanso kutsegula Command Prompt ngati administrator nkulemba sfc /scannow, imafufuza mafayilo a Windows owonongeka nkuwakonza, imatenga kanthawi. Akamaumabe ngakhale mu Safe Mode, bwererani ku disk, RAM ndi kutentha.

Kufomata sindikukana, kuli ndi nthawi yake, Windows ikawonongeka kwambiri palibe kuchitira mwina. Chomwe chimandinyansa ndi choti anyamata ena amayambira pamenepo chifukwa ndi zomwe amadziwa zokhazo ndipo ndalama yake ndi yachangu. Kufomata sikuchiza RAM ya litsiro, sikuchotsa fumbi, sikudzutsa power supply, ndipo pa hard disk yoti ikufa mungotaya mafayilo sabata yamawa nkuumanso. Olo Windows itakaniratu kuyaka mafayilo anu amakhala alipobe pa disk, mmisiri atha kuichotsa nkuisomeka pa makina ena nkukopera, kapena kuyatsa makina anu ndi Ubuntu ya pa fulashi, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kusankha Try Ubuntu osati Install, nkutulutsa zonse. Ndiye munthu akakuuzani kuti tifomate, funso loyamba likhale lakuti nanga mafayilo anga mwawaika pati, ndiwaone kaye.

Zikafika poti pali fungo la kupsa, ma capacitor otupa, kapena mwayesa zonsezi chithunzi osabwera, itengeni kwa mmisiri, kaya pa Boma, ku Luchenza kapena ku Limbe komwe zipangizo zimapezeka msanga. Musananyamuke jambulani sitika ya pa RAM ndi ya pa hard disk, amisiri ambiri ndi okhulupirika koma ine ndinabwererapo ndi RAM yochepa kuposa yomwe ndinapita nayo ndipo umboni ndinalibe. Muuzeni zonse zomwe mwayesa ndi chomwe chinachitika isanafe, musabise olo kuti munathira tiyi. Ikulungeni mu bulangete ndi pulasitiki pamwamba chifukwa mvula ya kuno siilonjera, mu minibasi muiike pamiyendo osati ku buti pansi pa matumba a nthochi.

Aphunzitsi aja anabweranso Lachisanu atanyamula nanazi ziwiri ndi fulashi yatsopano, tinakopera mayeso onse pomwepo. Pocheza mpomwe anaulula kuti CPU imakhala pansi, kunsi kwa windo lomwe galasi lake linasweka chaka chatha, ndawauza apeze kaye katebulo asanaiyatsenso.